Kope la Esinala: mmene sewero lathu likuyendera

Loweruka, 13 Julayi 2024

Ndaganiza zoti ndizilemba pano mmene sewero likuyendera kuti anzathu a gulu amene muli ku Blantyre ndi ku Joni, inu amene mumatumiza kangachepe pafoni, muzidziwa pomwe tafika osamangomva "tikukonza tikukonza" basi. Sikiripiti yatha, masini alipo 7, ndipo lero taiwerenga pamodzi koyamba mkalasi ija timabwereka Loweruka masana. Chiperoni chinatseka phiri lonse osaoneka nkomwe koma anthu anabwera ndithu atafunda zitenje, amene anajomba ndi a ku Limbuli okha poti akabaza kukakhala mawawa chonchi amakweza mtengo.

Kwa amene simunaione nkhani yake ili chonchi. Ndi Malichi 2023, namondwe wa Freddy wangodutsa kumene, anthu ali pakampu pasukulu ya pulayimale m'mudzi wina m'munsi mwa phiri la Mulanje. Mudziwo sitinautchule dzina, mpingo wakenso sitinautchule, tachita dala. Esinala ndi mayi wa ana atatu, mwamuna anapita ku Joni kalekale nkungoti zii, iye amathyola tiyi kuesiteti nyengo ya mvula, tiyi akachepa kontirakiti imatha nde amakhalira maganyu ndi kamunda ka nandolo. Usiku umene madzi anatsika m'phiri ndi miyala ndi mitengo yomwe, Esinala ndi amene anadzutsa mudzi nkumaolotsa ana a eni ake kumsana mpaka kusukulu. Poti anafika Fomu 2 ndipo dzanja lake ndi lowerengeka, anthu amusankha kukhala mlembi wa komiti yoona za ngozi, ija timangoti VCPC, nkumupatsa kope la hadikava loti alembemo mabanja olandira thandizo. Sewero lonse lagona pakope limenelo.

Ayamba ndi kulemba mwana wake Tadala wa Fomu 3 ngati banja lapalokha pomwe amadya mbale imodzi, kuti matumba abwere awiri limodzi agulitse apeze fizi. Afumu aona, sakalipa, angofuna maina awo 5 alowe. Koma nambala yochokera kuboma ndi yodula kale, kuti wina alowe wina atuluke, nde pakati pa ochotsedwa pali a Dayisoni, mkulu amene akazi awo anapita ndi madzi. Kenako Lachinayi kumsonkhano wa amayi mtsikana wina Filesi aululika kuti wagulitsa bulangete la thandizo, Esinala yemweyo aimirira nkumulalikira pamaso pa anthu.

Titamaliza kuwerenga mnyamata amene akusewera afumu anati, "Asisi, munthu ameneyu mukuti ndiye ngwazi ya sewero? Iyitu ndi mbava yovala duku basi." Mtsikana amene ndamupatsa Esinala anamuyankha pompo kuti njala nchilombo, iweyo ukanakhala pakampu paja ndi ana atatu ukanatani. Anakangana mpaka mdima. Ine ndinawauza kuti onse awiri akuthamangira kukapuma, wina akufuna amuweruze msanga nkhani ithe, wina akufuna amukhululukire msanga nkhani ithe, ndipo ntchito yathu miyezi ikubwerayi ndi yoti oonerera asapeze populumukira mbali zonse ziwirizo.

Loweruka, 20 Julayi

Tagwira sini 1 ndi 2. Ena amafuna tiyambire pakampu pomwe, ya usiku wa madzi tiidule poti ndi yovuta kupanga popanda magetsi ndi zokuzira mawu. Ndakana ndipo ndikanabe. Munthu akapanda kuona Esinala atabereka mwana wa mnzake madzi ali m'chiuno, kumusiya kumtunda nkubwereranso kukatenga wina, ndiye kuti zonse zotsatirazo zingokhala nkhani ya mayi wakuba, ndipo nkhani za akuba timazimva pawailesi tsiku ndi tsiku sizisowa sewero. Ubwino wa mayi ameneyu ndi weniweni, sakunamizira, nchifukwa chake zinazo zimawawa.

Komanso usiku umenewo anthu kuno sanauiwale. Freddy anatenga anthu oposa 1,000 tikaphatikiza amene sanapezeke mpaka lero, oposa 600,000 anasowa pokhala, pa 13 Malichi boma linalengeza kuti kummwera kuno kwagwa ngozi ndipo dziko linakhuza masiku 14. Achikulire akamakamba amalumikiza ndi napolo wa ku Phalombe wa 1991. Ndiye sini imeneyi tiichita modekha, osakuwa mwachisawawa, osadzigwetsa pansi kuti ana aseke, chifukwa pabenchi padzakhala anthu amene anataya ana awo enieni.

Sini 2 ndi ya dzina la Tadala. Pasikiripiti pali mawu ambiri oti Esinala azidziyankhulira yekha koma mtsikana amene akusewera Esinala wabwera ndi njira yake. Wakhala pakadesiki ka ana a Sitandade 1 mawondo ali m'mwamba, kope pamwendo, kandulo pambali, alemba dzina lake, adumpha mzere umodzi osalembapo kanthu, apitiriza maina ena mpaka kutembenuza tsamba, ayang'ana ana ali mtulo pamkeka, kenako atembenuzanso tsamba kubwerera pamzere uja. Palibe anamuuza zimenezo. Nditamufunsa anati, "Asisi, munthu samangoba mwadzidzidzi, amayamba wasiya malo." Mawu odziyankhulira aja tawachotsa onse, mzere wopanda kanthuwo ukukwanira.

Ineyo pa dzina la Tadala sindimudzudzula kwambiri Esinala. Fizi ya kusekondale ya CDSS nthawi imeneyo kwa munthu wolandira pamwezi sinali kanthu koma kwa wothyola tiyi amene munda wake wakokoloka chimanga chili pafupi kucha, thumba la makilo 50 linali teremu ya mwana. Ndikufuna woonerera avomere mumtima kuti nanenso ndikanalemba, chifukwa akavomera apa ayenda naye mpaka kukafika kumene sakanafuna kufika.

Loweruka, 27 Julayi

Mkati mwa sabata ndinakacheza ndi amayi ena achikulire amene anakhalapo mkomiti yotere mudzi wina, dzina ndi mudzi sinditchula. Ndinawawerengera sini ya afumu iwo akusenda chinangwa pakhonde, nkuti afumu akowo akulongolola kwambiri mwanawe, munthu wamkulu sapempha choncho. Akuti amangobwera chakumadzulo kudzaona kope, kutsegula masamba pang'onopang'ono, chala nkuima padzina lija, kukuyang'ana, kutseka kope nkufunsa kuti ana adzuka bwanji. Mawa lake kumabwera kamwana ndi kapepala ka maina. Nde sini 3 taikonza motero, afumu atsala ndi mizere 4 yokha yoyankhula ndipo akuopsa kuposa kale.

Amayi aja ananenanso kuti kuchokera kumtunda kumabwera nambala osati anthu, amakuuza kuti mudzi uno mabanja akutiakuti pomwe nyumba zogwa ndi zoposa pamenepo, ndiye ngakhale mlembi akhale woyera mtima bwanji wina amatsala basi. Zimenezi ndi zoona ndipo ndaziika m'kamwa mwa Esinala, koma ndaziika ngati chobisalira chake, chifukwa iyeyo sakusiya munthu poti malo achepa, akufufuta munthu amene anali kale m'kaundula kuti alowetse adzukulu a afumu amene nyumba zawo zili chiimire.

Pa funso loti bwanji a Dayisoni osati wina, apa tinakhalitsa. Kuno ndi kwa chikamwini, munda ndi wa mbumba ya mkazi, mwamuna amachita kudzakhala. A Dayisoni anachokera cha ku Thekerani ali mnyamata kudzafuna ntchito kuesiteti, anakwatira, anamanga, akalambira pompo, koma akazi awo atapita aliyense akudziwa kuti tsiku lowasudzula likadzafika palibe chawo m'mudzimo. Alibe mwinimbumba woti akawaimire pabwalo. Chitupa chaunzika chija tinajambulitsa mu 2017 chinapita ndi nyumba. Ndipo si munthu amene Esinala amadana naye ayi, ndi iwo amene akhala akumufolerera denga chaka ndi chaka chipitireni mwamuna wake. Wasankha munthu amene akudziwa kuti sakadandaula kwa aliyense, ndipo wina akafunsa yankho lilipo kale lomveka bwino, alibe chitupa.

Mnyamata amene akusewera a Dayisoni ali ndi zaka 19 koma sini 4 waigwira mochititsa mantha. Abwera tsiku logawa ndi thumba lake lopanda kanthu atalipinda bwinobwino kukhwapa, aima kumbuyo, maina aitanidwa onse mpaka anthu abalalika, iye adikira mpaka Esinala atatsala yekha kuti asamuchititse manyazi, avula chipewa nkuti, "Amayi, kapena mwadumpha tsamba?" Esinala afotokoza za chitupa osawayang'ana kumaso. Iwo angoti, "Zikomo, mwina ulendo wina," afunyulula thumba lija nkulipindanso. Atsikana awiri a kwaya analira papulakatisi pomwepo.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Zing'onozing'ono. Tasindikiza makope 6 a sikiripiti pa Chitakale, chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala chaka chatha pepala lenileni limafuna kuliganizira, nde anthu azibwerekana. Mvula tapeza poipangira, nandolo wouma palata lakale wina azigwedeza kuseri kwa chinsalu, mabingu ndi lata lomwelo. Matumba tapempha kuchigayo tadzazamo masamba ouma a nthochi. Chikusowabe ndi bulangete la Filesi, tikufuna lotuwa lija, amene ali nalo atibwereke. Nandolo wayamba kucha anthu ali kumunda ndiye pulakatisi ya pakati pa sabata taiimika kaye, titsala ndi Loweruka lokha.

Loweruka, 17 Ogasiti

Sini 5, ya Lachinayi kumsonkhano wa amayi. Iyi ndiye mtima wa sewero ndipo yatitengera Loweruka ziwiri.

Vuto linali loti mtsikana wathu amaisewera ngati munthu woipa wa m'masewero a kusukulu, kulalika uku akutsinzinira oonerera, kumwetulira chamseri kuti anthu adziwe kuti akunama. Ndinamuuza kuti ayi achemwali, Esinala sakunama pamenepa, mawu aliwonse amene akunena akuwakhulupirira ndi mtima wonse. Munthu wachiphamaso amene amadziwa kuti akuchita chiphamaso ndi wosavuta, timamuona patali. Amene ndikumufuna ine ndi uja amaimirira misozi ili m'maso yeniyeni kudzudzula tchimo limene iye mwini walibisa m'chikwama chomwe wakoleka paphewa, ndipo panthawi imeneyo sakukumbukira nkomwe kuti lilimo.

Filesi wagulitsa bulangete pamsika kuti apeze ya thiransipoti yopititsira mwana kuchipatala, nthawi imeneyo kolera inali isanathe, ija inayamba mu 2022 nkupha anthu oposa 1,700, nde mwana akayamba kutsegula m'mimba pakampu mayi aliyense mtima umakhala m'mwamba. Atafunsidwa sanakane, anavomera pompo kuti ndagulitsa ndipo ndalama ndapangira zakutizakuti. Esinala atsegula Machitidwe 5, nkhani ya Hananiya ndi Safira. Ndinapempha gulu lonse tiwerenge ndimeyo bwinobwino tisanapitirize, chifukwa ambiri timangoikumbukira ngati nkhani ya anthu akuba amene anagwa nkufa. Koma awiri aja anagulitsa munda wawo womwe, Petro anawauza kuti mundawo unali wawo ndipo ndalamazo zinali m'manja mwawo, chimene chinawagwetsa ndi kupatula zina mobisa nkubwera pamaso pa anthu ngati apereka zonse. Ndiye tayang'anani mkalasimo, amene wagulitsa chinthu chake nkunena poyera ndi Filesi, amene wapatula mobisa nkumaoneka ngati wapereka zonse ndi amene wagwira Baibulo. Esinala akudziwerengera yekha chiweruzo mokweza ndipo amayi onse akuyankha Ameni.

Wina anafunsa kuti kodi akuchita zimenezi poopa kuti nkhani ya Filesi ikakula a kuboma abwera kudzatsegula kope? Mantha amenewo alipo pang'ono, koma ine ndikuona kuti chachikulu si chimenecho. Chifufutireni a Dayisoni mayiyu sakugona, akufuna amvenso mawu ake akutuluka ngati a munthu uja anaolotsa ana, akufuna anthu amuyang'ane ngati mmene anamuyang'anira m'mawa wa pa kampu tsiku loyamba, ndipo njira yapafupi yodzimvera kuti ndiwe woyera ndi kupeza wina woti umuloze chala. Filesi wangopezeka pafupi basi, wamng'ono, wopanda mwamuna, wosadziwa kuyankhula pagulu.

Apa ndi pamene ine ndimasiya kumuikira kumbuyo. Za Tadala ndimati njala. Za a Dayisoni ndimatha kunena kuti anapanidwa, ngakhale kupanidwako anakuitana yekha ndi mzere uja. Koma Lachinayi limeneli palibe anamutuma, amayi ena anali atayamba kale kunena kuti mwanayu timukhululukire, iye akanangokhala pansi nkuyang'ana zala zake nkhani ikanatha. Anaimirira yekha. Ndipo msonkhano ukagwirizana kuti Filesi asalandire ulendo wotsatira, amene akoka mzere padzinalo ndi iye, ndi bolopeni yomweyo.

Taika Tadala pakati pa atsikana a kwaya kumbuyo, sayankhula kanthu sini yonse, koma Ameni aliyense iye yekha sayankha. Kwaya ndawauza kuti ayimbe mwamphamvu ndi mokoma mmene angathere, ndikufuna oonerera akokedwe ayankhe nawo Ameni asanazindikire chimene akuvomereza.

Loweruka, 24 Ogasiti

Anyamata anabwera ndi ganizo loti tionjezere sini yonse ya kuesiteti, Esinala atumize Filesi kwa kapitawo amene aliyense amadziwa kuti ntchito sapereka yaulere kwa atsikana. Nkhani imeneyi si yopeka kuno, amayi 36 ogwira ntchito m'maesiteti anasumira kampani ina mpaka ku London ndipo mu 2021 nkhaniyo inatha pogwirizana kunja kwa khoti, komanso lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu mwa njira imeneyi ndi mlandu. Tinakambirana nthawi yaitali, atsikana amene amayi awo amathyola tiyi ndi amene anayankhula kwambiri.

Sini yonse sitiika. Chinthu chachikulu chonchi sichoyenera kungochiwaza pamwamba kuti sewero la wina likome, chikufunika sewero lakelake lolembedwa pamodzi ndi amayi amene akuchidziwa. Komanso tikamuunjikira Esinala zoipa zambiri anthu amusiya, ayamba kumuona ngati chilombo cha m'nthano ndipo akhala momasuka pabenchi. Tasiya mizere itatu yokha mu sini 6. Filesi atachotsedwa abwera kudzafunsa kumene angapeze ganyu, Esinala amuuza akaonane ndi kapitawo wa kudivishoni ya kumtunda. Filesi atachoka Tadala afunsa, "Amayi, si uja munandiletsa ine?" Esinala ayankha, "Iwe uli pasukulu." Apitiriza kupeta.

Loweruka, 31 Ogasiti

Lero kunabwera abambo ena akulu a mpingo amene amatibwereka mabenchi, anati aone chimene mabenchi awo akukagwira. Anaonera mpaka kumapeto mwachidwi, kenako anandiitanira pambali nkuti, "Amayi, sewero ndi labwino koma silinathe. Mlandu suola. Mayiyu alape pamaso pa mpingo kapena agwidwe, apo ayi ana aphunzira kuti kuba kumapindulitsa." Theka la gulu likugwirizana nawo, ena akufuna mpaka a ACB, aja othana ndi ziphuphu, atulukire ndi galimoto.

Ndinawayankha mwaulemu kuti abambo, nkhawa yanu ndaimva ndipo si yopanda pake, koma m'midzi yathu yonseyi ndi alembi angati amene munawaona ataimirira kutchalitchi kulapa za kaundula? Tikamulapitsa anthu aombera m'manja nkupita kwawo atapepukidwa, ngati nawonso alapa. Tikamugwiritsa apolisi anthu anena kuti waona, wakuba mapeto ake ndi amenewo, ine si wakuba. Njira zonse ziwiri munthu amachoka pabenchi ali woyera. Anapukusa mutu koma mabenchi sanatilande, anati adzabweranso kudzaona anthu akalandira bwanji.

Mapeto ali chonchi ndipo akhala chonchi. Papita chaka, kampu inatsekedwa kalekale, Tadala ali Fomu 4. Mvula yadula, ng'amba ya El Niño ija inachititsa kuti mu Malichi chaka chino boma lilengeze ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndiye maina akulembedwanso. Mudzi usankhanso Esinala popanda wopikisana naye chifukwa ndi mayi wokhulupirika, woopa Mulungu, uja sananyengerere ngakhale za bulangete. A Dayisoni asudzulidwa, abwera ndi kakatundu ndi khasu kudzatsanzika, amuthokoza kuti amayi munayesetsa ulendo uja kungoti chitupa. Atachoka Esinala atsegula kope latsopano, dzina loyamba kulemba alitchula mokweza, ndi la a Dayisoni, munthu amene sakhalanso m'mudzimo.

Gulu landifunsa kuti ndiye akulapa kapena wapeza dzina la munthu wosakhalapo loti azilandirira thumba? Mtsikana wathu anafunsa kwambiri poti akufuna adziwe nkhope yoti avale. Ndamuuza kuti aisewere ngati munthu amene akukhulupirira kuti thumbalo adzalitumiza ku Thekerani, alikhulupirire ndithu, koma akumbukire kuti ndi mayi yemwe uja anadumpha mzere.

Lamlungu, 8 Sepitembala

Dzulo tinayeserera pamaso pa makolo ndi anthu oyandikana nafe pabwalo la sukulu, opanda zokuzira mawu. Anthu anabwera ambiri kuposa mabenchi, ana pansi.

Sini ya madzi inadutsa bwino, palibe anaseka, agogo ena anachoka pang'ono nkubweranso. Lata la nandolo likumveka koma likuphimba mawu, wogwedeza achepetse Esinala akamaitana maina a ana. Pa sini 5 chimene timafuna chinachitika, amayi a kutsogolo anayankha Ameni kawiri konse pamodzi ndi kwaya, kachitatu anachepa, kenako mayi wina kumbuyo anakuwa kuti "Khala pansi mayi iwe!" ndipo mtsikana wathu sanagwedezeke, anapitiriza kulalika misozi ikutsika. Abambo a mabenchi aja analipo, potuluka anangondigwira dzanja nkuti tidzakambirana.

Titamaliza tinapempha anthu anene maganizo awo ndipo zokambiranazo zinatalika kuposa sewero. Ena amati thumba la a Dayisoni adya yekha, ena amati ayi atumiza, mayi wina anati iye anakhalapo Filesi koma sanafune kufotokoza zambiri ndipo sitinamukakamize. Koma pali chinthu chimene chandivuta usiku wonse. Amuna pafupifupi onse amene anayankhula amadzudzula Esinala yekha, wina mpaka anati ndi chifukwa chake kope osamapatsa akazi, ndipo palibe ngakhale mmodzi anatchula afumu amene analowetsa maina 5 pomwe mayiyu analowetsa limodzi. Anyamata ena amaseka afumu akamatsegula kope ngati ndi kuchenjera kosiririka. Ine sindinalembe sewero loti amuna adzapezerepo mpata wonyoza akazi m'makomiti, ndipo sindilola lipite pamsika lili chonchi. Esinala sitimuchepetsera kanthu, zimene anachita anachita, koma afumu asazimirire mu sini 3. Ndiye mu sini 7 amene adzapereke kope latsopano m'manja mwake ndi afumuwo, pamaso pa mudzi, ndi mawu oyamikira kukhulupirika kwake, ndipo chala chawo chiime pachikuto ngati mmene chinaimira padzina la Tadala. Komanso mu sini 4 pogawa matumba adzukulu aja adutse kutsogolo kwa a Dayisoni atasenza, anthu awaone nkhope. Mnyamata wa afumu ndamuuza asiye kaendedwe kopatsa phwete kaja.

Sewero linatenga mphindi 55, tikufuna lifike 45 poti pamsika anthu saima nthawi yaitali, zodula zili mu sini 1 ndi 6. Bulangete tapeza. Ya sipika ndi batire ikuperewerabe, a ku Joni amene munalonjeza chonde mwezi uno usanathe. Kalata yopempha chilolezo kwa agulupu yoti tikachitire pa Nkando tsiku la msika ndilemba mawa, ndipo tiyenera kumaliza zonse isanafike Disembala chifukwa mvula ikangoyamba tiyi achuluka, theka la gulu lipita kukathyola. Pulakatisi Loweruka 1 koloko, afumu ndi adzukulu awo afike msanga tiyambe ndi sini 7.